Mbiri ya Desmond Doss, Msilikari Wopanda Mfuti

Mwezi uno tifuna kuika pamaso pa owerenga athu mbiri ya munthu wa dziko lakutari, amene anamwalira m'caka ca 2006 ali nkhalamba ya zaka 87. Dzina lace ndiye Desmond Doss, wa ku America. Anthu a kwao amkumbukira cifukwa ca nchito imene anaicita pa phiri lina la ku Okinawa m'nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, kumene anapulumutsa anzace olasidwa 75, iye mwini wosanyamula cida ciri conse. Nchitoyo tidzaisimba, pakuti iyenera kusimbidwa. Koma masiku a paphiripo anali owerengeka, ndipo atatsikako anakhalanso ndi moyo zaka zoposa 60, zambiri za izo ali wodwala. Cifukwa cace tidzalowanso m'nyumba mwace, kuti tione kumene kulimba mtima kwace kunacokera, ndi kuti timdziwe amene anamnyamula iye pamene mphamvu zace zinatha.

UBWANA WACE

Desmond Thomas Doss anabadwa pa 7 February, 1919, m'mudzi wa Lynchburg, m'dera la Virginia. Anali waciwiri mwa ana atatu. Woyamba anali mlongo wace, ndi wotsiriza mphwace. Atate ace anali mmisiri wa matabwa, ndipo amai ace ankagwira nchito kumene amasoka nsapato. Amaiwa anali Mkristu wolimba wa mpingo wa Seventh-day Adventist, womwewo umene kuno kwathu udziwika ndi misyoni ya Malamulo ku Thyolo, ndipo analera ana ao m'ciphunzitso ca mpingowo, akusunga Loweruka ngati Sabata. Kuyambira 1929 malonda anagwa m'America monse, anthu ambirimbiri nacotsedwa nchito, ndipo umphawi unalowa m'nyumba imeneyi monga m'nyumba zina. Cotero Desmond anangophunzira zaka 8, nasiya sukulu, nakalowa nchito pa kampani ya matabwa kuti athandize makolo ace.

Pa khoma la nyumba yao panapacikidwa cithunzi ca Malamulo Khumi, lamulo liri lonse ndi cifaniziro cace. Pa lamulo lacisanu ndi cimodzi, loletsa kupha, anajambulapo Kaini ataimirira ndi cibonga pa mtembo wa mphwace Abele. Doss anasimba atakula kuti ali kamnyamata ankaima pansi pa cithunzico nthawi yaitari, nazizwa kuti munthu angathe bwanji kucita cotero ndi mbale wace wa bere limodzi. Ndipo tsiku lina cimene anaciona pakhoma cinatsala pang'ono kucitika pakhomo. Atate ace, ataledzera, anakangana ndi mlamu wao, natulutsa mfuti yaing'ono. Amai ace analowa pakati, nalanda mfutiyo, naipatsa mnyamatayo kuti athamange akaibise. Pobwerako anapeza apolisi alikutenga atate ace. Kuyambira tsiku lomwelo anatsimikiza mumtima kuti dzanja lace silidzagwiranso mfuti. Akuru anati, m'mera mpoyamba; ndipo tidzaona kuti cimene cinamera m'nyumba ya mmisiri wosaukayo cinakabala zipatso kutsidya kwa nyanja yaikuru.

KULOWA USILIKARI

Pa 7 December, 1941, ndege za Japan zinaononga zombo za America pa dooko la Pearl Harbor, ndipo America inalowa m'nkhondo. Nthawi imeneyo Doss anali pa nchito ya matabwa ku Newport News, kumene amakhoma zombo. Anthu a nchito yotere boma linkawalola kutsala, popeza zombozo zinali zofunika kunkhondo. Koma iye anaona kuti sikuyenera kuti anyamata anzace akafe, iye alikulandira malipiro kwao. Analowa usilikari pa 1 April, 1942, napempha nchito ya mankhwala, ndiyo yomanga mabala a olasidwa ndi kuwaturutsa pakati pa nkhondo. Lamulo la dzikolo linkalola kuti munthu amene cikumbu mtima cace cimletsa kupha atumikire wopanda cida. Anamuika m'gulu lochedwa 307th Infantry, la m'khamu la 77th Division.

Sanakondwere nalo dzina lakuti wokana nkhondo, pakuti sanakane kubvala zobvala za usilikari, kapena kulemekeza mbendera, kapena kumvera akuru ace. Anakana ziwiri zokha: kugwira cida, ndi kucita nchito wamba pa Sabata. Koma ziwirizi zinamtengera cidani cacikuru. Pogwada iye kupemphera madzulo pambali pa kama wace, anzace ankamponya majombo namtukwana. Wina anamuuza poyera kuti akafika kunkhondo adzamuombera yekha. Tisafulumire kuwayesa anthu oipa anyamatawa. Msilikari akhulupirira kuti mnzace wa pambali adzamcinjiriza ndi mfuti yace, ndipo iwo anaona ngati munthu wopanda mfuti ndiye mpata m'linga. Akuru ena a gululo anayesa kumcotsa usilikari ponena kuti mutu wace suyenda bwino. Khomo lobwerera kwao linatseguka pamenepo, koma Doss anakana kuturukirapo, popeza kubvomera kukadakhala ngati kunena kuti cikhulupiriro cace ndi misala. Anatsala, napitiriza nchito yace. Nchito za pa Loweruka ankazibwezera pa masiku ena, ndipo pa maulendo atari a pansi ankasamala matuza a m'mapazi mwa omwe aja anamponya majombo.

M'kati mwa masiku obvutawa, pa 17 August, 1942, anakwatira Dorothy Schutte, namwali wa mpingo wace, m'mudzi wa Richmond. Dorothy anampatsa Baibulo laling'ono lolowa m'thumba la malaya, ndipo iye sanasiyane nalo konse kumene anamka. Ukwati wao unayamba ndi kulekana, mwamuna kumisasa ya asilikari, mkazi kwao, akalata ndiwo akuyenda pakati pao.

PA PHIRI LA MAEDA

M'caka ca 1944 khamu lace linatumidwa ku zilumba za m'nyanja ya Pacific kukamenyana ndi Japan, adani omwewo amene asilikari a kwathu a K.A.R. anakomana nao m'nkhalango za Burma caka comweco. Anayamba ku Guam, napita ku Leyte m'dziko la Philippines. Nchito ya mankhwala kumeneko inali yoopsa koposa, pakuti adaniwo ankalasa dala omanga mabala kuti otsalawo ataye mtima. Doss ankaturuka ndi magulu okazonda ngakhale sanamuitane, nakwawira kumene kuli wolasidwa zipolopolo zirikugwa. Pa zilumba ziwirizi analandira mendulo ya Bronze Star kawiri, ndipo kunyoza kuja kunatha.

Tsono anafika ku Okinawa, cilumba ca kumwera kwa Japan. Asilikari a America anakocezapo pa 1 April, 1945, ndipo nkhondo yace inatha pafupifupi miyezi itatu. Anafapo anthu oposa 200,000, powerenga asilikari a mbali zonse ziwiri pamodzi ndi eni cilumba, akazi ndi ana omwe. A ku America okha anaposa 12,000. Ca kumwera kwa cilumbaco panapingasa phiri lochedwa Maeda, limene asilikari analicha Hacksaw Ridge, kutalika kwace ngati mafiti 400. Kumwamba kwace kunali phompho loongoka ngati khoma, ndipo m'kati mwa phirilo asilikari a Japan anakumbamo mapanga ndi njira za pansi, momwe ankabisala mizinga ikamalira, naturuka ikaleka. Kumapeto kwa April gulu la Doss linalamulidwa kulanda phirilo. Kuti akwere phompho lija anapacika maukonde a zingwe zazikuru, amene asilikari amatsikira nao m'zombo, ndipo Doss anali mmodzi wa amuna atatu amene anakwera kukawamanga.

Tsiku lina la masiku amenewo, atafika pamwamba, adani anawathira moto wa mizinga ndi mfuti za ciwaya, kotero kuti amene anatha kuyenda anathawa natsika ndi maukonde aja. Olasidwa anatsala ali ngundangunda pamwamba, ndipo Doss anatsala nao. Anayamba kuwatola mmodzi mmodzi, kuwakoka kapena kuwasenza kufikira m'mphepete mwa phompho. Pamene anali kuphunzira usilikari kwao anadziwa kumanga mfundo ya zigwinjiri ziwiri yosapululuka. Tsono analowetsa miyendo ya wolasidwa m'zigwinjirizo, namzenga cingwe pacifuwa, nakulunga mbali yina ya cingwe pa citsa ca mtengo, namtsitsa pang'ono pang'ono kufikira manja a anzace a pansi atamlandira. Atatero anabwerera kukafuna wina.

Tilingalire pang'ono za kulemera kwa nchito imeneyi. Ife amene tinanyamulako wodwala pa macila kumka naye kucipatala tidziwa kuti amuna anai amphamvu atopa msanga, nafuna olandizana nao, cinkana palibe wowaombera. Doss anali munthu wocepa thupi, analibe wolandizana naye, ndipo sakanatha kuimirira coongoka cifukwa ca zipolopolo. Anacita cotero maora ambiri. Iye mwini anasimba pambuyo pace kuti sanapemphe mphamvu ya kupulumutsa onse. Potsitsa munthu ali yense ankangopempha Ambuye kuti amthandize kutenga mmodzi winanso. Pakutha pace akuru ace anawerenga kuti anatsitsa anthu 100. Iye anakana, nati sangapose 50. Pamenepo anapangana kulemba 75, ndico ciwerengo cimene cidziwika kufikira lero. Mwa amene anawapulumutsa pa Okinawa munali ena a iwo aja anamzunza, ndi mkuru wa gulu lace yemwe, amene kale anayesetsa kumcotsa. Ngakhale pa Sabata sanaleke kumanga mabala, pokumbukira kuti Ambuye Yesu anaciritsa odwala tsiku lomwelo.

Usiku wa pa 21 May, pafupi ndi Shuri, bomba la m'manja linamphulikira kumiyendo, zidutswa 17 za citsulo nizilowa m'thupi mwace. Sanaitane mnzace wa mankhwala, kuopa kumturutsa pobisala pace. Anadzimanga yekha, nalindira maora asanu kufikira a macila anafika. Ali m'njira anaona wina wolasidwa koposa iye, ndipo anadzigwetsa pamacilapo, nawauza kuti ayambe atenga ameneyo. Alikudikira kuti abwere, cipolopolo cinamtyola pfupa la mkono wamanzere. Pamenepo anatenga mtengo wa kumbuyo kwa mfuti, naumangirira kumkono wotyokawo kuti uongoke, nakwawa mayadi 300 kufikira kwa a mankhwala. Nchito ya mfuti imene Doss anaipeza m'nkhondo yonseyo ndi imeneyi.

Atamkweza m'combo ca odwala, anapeza kuti Baibulo la Dorothy lija latayika. Mau anafika kwa anzace, ndipo nkhondo ya pamalopo itapita, amuna a gulu lace anabwerera nafunafuna m'matope kufikira analipeza, nalitumiza kwa mwini wace. Pa 12 October, 1945, mtsogoleri wa dziko la America, Harry Truman, anambveka Medal of Honor, mendulo yoposa zonse za asilikari a dzikolo. Doss ndiye woyamba kuilandira mwa anthu okana kugwira cida.

M'NYUMBA MWACE

Ambiri posimba mbiriyi alekera pa mendulo, ngati kuti munthu akabvekedwa ulemu mabvuto ace atha. Koma Doss anabwera kunkhondo ndi mdani wina m'cifuwa. Ku Leyte anatengako nthenda ya cifuwa cacikuru, imene inaoneka m'caka ca 1946, caka comwe mwana wao mmodzi yekhayo anabadwa. Masiku amenewo mankhwala a nthendayi anali atangoyamba kupezeka, ndipo odwala ankagonekedwa m'zipatala nthawi yaitari, kutari ndi abale ao, kuti angawapatsire. Doss anakhala m'manja mwa madokotala zaka zisanu ndi theka. Anamcotsa phapo limodzi ndi nthiti zisanu, ndipo anaturutsidwa m'cipatala mu August, 1951, ali munthu wosakhozanso nchito yolemetsa. Mwana uja anaphunzira kuyenda ndi kulankhula atate ace ali kucipatala nthawi zambiri.

Apa mpamene tionera Dorothy. Anakwatiwa ndi mnyamata wamphamvu wodziwa nchito ya manja, ndipo nkhondo inambwezera mwamuna wa mabala ndi phapo limodzi. Ndalama za boma zothandiza asilikari opunduka sizinakwanire banja. Tsono iye anaphunzira unamwino, nalowa nchito, nakhala ndiye wodyetsa nyumbayo. Anapeza kamunda kakang'ono ku Rising Fawn, pa phiri la Lookout m'dera la Georgia, namangapo nyumba yao. Pamenepo Desmond ankalima ndiwo zao, nacita nchito ya matabwa monga thupi linamlola. Munthu amene dzina lace linalembedwa m'manyuzipepala a dziko lonselo sanacite manyazi kudya za thukuta la mkazi wace, ndipo mkaziyo sanamcepse cifukwa ca ico. Nthawi imene anali nayo anaipereka ku mpingo wace ndi kwa anyamata, amene ankawasimbira mbiri yace ndi kuwaphunzitsa mfundo ija ya zigwinjiri ziwiri.

Bvuto lina linali m'tsogolo. Mankhwala amphamvu amene anampatsa anaononga makutu ace, ndipo m'caka ca 1976 anagonthera tu. Zaka 12 sanamve liu la munthu. M'zaka zimenezo Dorothy ndiye anali makutu ace: alendo akabwera, kapena akapita kumsonkhano, iye ankalemba pa pepala zimene zirikunenedwa kuti mwamuna wace awerenge nayankhe. Amene anakhalapo ndi gonthi m'nyumba adziwa cipiriro cimene nchito yotere ifuna, tsiku ndi tsiku, popanda woyamika. Mu 1988 madokotala anamuika kacipangizo m'kati mwa khutu, ndipo anayambanso kumva.

Pamenepo zinthu zinatembenuka, pakuti Dorothy anadwala khansa, ndipo wosamalidwa uja anasanduka wosamala. Pa 17 November, 1991, Desmond alikumka naye kucipatala pa galimoto, anacita ngozi panjira, ndipo Dorothy anamwalira. Anakhala m'ukwati zaka 49. Munthu amene anatsitsa anthu 75 paphompho wosataya mmodzi sanathe kufikitsa mkazi wace kucipatala. Cisoni cotere sititha kuciyesa, ndipo sitidzayesa kucifotokoza. Cimene tidziwa ndi cakuti sanataye cikhulupiriro cace. Mu 1993 anakwatira Frances Duman, amene anamsunga m'ukalamba wace, nalembanso buku la mbiri yace. Anamwalira pa 23 March, 2006, ku Piedmont m'dera la Alabama, naikidwa m'manda a asilikari ku Chattanooga. Zaka zambiri anakaniza anthu ofuna kupanga kanema wa moyo wace, poopa kuti adzaonjezamo zonama. Kanema wochuka wa Hacksaw Ridge anaturuka mu 2016, mwini wace atagona kale zaka 10.

CIMENE TITENGAPO

Sitinalembe mbiriyi kuti tiweruze mlandu wa tsiku la Sabata, kapena kuti titsutse Akristu amene ananyamula mfuti ndi mtima woyera pocinjiriza dziko lao. Doss yemwe sanawatsutse. Mphwace anali msilikari wa m'zombo za nkhondo, ndipo amuna amene iye anawatsitsa paphompho anali onse a mfuti. Pangano lace linali la iye mwini ndi Mulungu wace, ndipo analisunga pamene linamtengera citonzo, osakakamiza wina kulisenza. Cinthu cimene cinatseka pakamwa pa omnyoza ndi nchito yace, pakuti anaona kuti munthu wosafuna kuphayu saopa kufa.

Koma cacikuru cimene tifuna kuti owerenga asunge ndi ici. Kulimba mtima kwa pa Maeda kunaphunzitsidwa ndi mai wosauka wosoka nsapato, amene anaima pakati pa amuna awiri okangana; ndipo mtengo wace wa nkhondoyo unalipidwa zaka zambiri ndi mkazi amene sanaone Okinawa ndi maso. Dziko lidziwa kubveka mendulo munthu wa tsiku limodzi loopsa, ndipo licita bwino potero. Koma wosamala wodwala zaka makumi anai alibe mendulo. Ngakhale pa cipilala ca asilikari ku Zomba palembedwa maina a amuna amene anafa kunkhondo. Maina a akazi amene analera ana ao amasiye, ndi a iwo amene analandira amuna opunduka nawasunga kufikira imfa, sapezeka pa mwala uli wonse.

M'midzi mwathu anthu otere alimo lero lino. Alipo mai amene mwamuna wace anafa ziwalo, namsambitsa ndi kumdyetsa caka ndi caka. Alipo bambo amene atsogolera mkazi wace wakhungu kumka kunyumba ya Mulungu. Akuru a mpingo ndi amai a cigwirizano awadziwa maina ao. Tiyeni tisadikire tsiku la maliro kuti tinene zabwino zao. Tikawaone akali moyo, tiwalimireko mzere m'munda, tiwatungireko madzi, tikhale ndi wodwalayo tsiku limodzi kuti womsamalayo apumule. Ndipo amene ali pa nchito yotereyi, natopa poona kutalika kwa zaka ziri m'tsogolo, akumbukire pempho la Doss pamwamba pa phompho lija, napemphe mphamvu ya tsiku limodzi linanso.